Magazi m'chimbudzi koma osatsegula m'mimba, kodi ndi ulcerative colitis ndithu?

Mayi ena a ku Mchinji anditumizira imelo, ndaifupikitsa. Akuti bambo a kunyumba kwawo ali ndi zaka 56, anasiya fodya chaka chatha, patangopita miyezi ingapo anayamba kuona magazi ndi zonanda ngati mamina akapita kuchimbudzi, koma m'mimba satsegula ayi, amachita kudzimbidwa. Bondo limatupa, diso linafiirapo. Amwapo Flagyl kangapo poyesa kamwazi, kenako ku Lilongwe atawaunika ndi kamera adokotala akuti ndi ulcerative colitis. Ndiye akufunsa kuti, "Pa intaneti akuti matendawa ndi a achinyamata ndipo munthu amatsegula m'mimba, adokotalawa sanaphonye? Nanga bambowa akhala moyo?"

Mayi, zimene mwawerengazo si zabodza, kungoti si zonse. Matendawa ndi kutupa ndi zilonda za mkati mwa thumbo lalikulu, chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thumbo la mwini wake. Sapatsirana, musawapatulire mbale. Amayambira kumathero kwenikweni kwa thumbo, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, n'kumakwera osadumpha malo. Akakwera patali ndiye munthu amathamangira kuchimbudzi usana ndi usiku. Koma akangokhala kumusi kokhako, kumtunda chimbudzi chimayenda pang'onopang'ono n'kuuma, ndiye munthu amadzimbidwa, akakhala pachimbudzi kumangotuluka timagazi ndi zonandazo, akadzuka akumvabe ngati zatsalira. Ambiri amangoti ndi mudzi basi, n'kutha nazo zaka.

Za msinkhu musadabwe. Ambiri amayamba ali ndi zaka 15 mpaka 30, koma pali gulu lina limene amaligwira litapitirira zaka 50. Ndipo nkhani ya fodyayo yandigwira mtima, poti kuno ku Kasungu ndi kwanu ku Mchinji azibambo ambiri anakula ndi chingambwe. Madokotala anaona kale kuti ulcerative colitis imakonda kutulukira mwa anthu amene angosiya kusuta. Wina amva izi athamangira kugolosale kukagula ndudu, ayi chonde, mapapo ndi mtima mulibe sipeyala.

Bondo ndi diso nazonso si zachilendo, matendawa sakhala m'mimba mokha. Amatupitsa mawondo ndi akakolo, ena amamva msana kuuma m'mamawa, ena timabuma tofiira topweteka pamisongolo, ena chilonda cha pamwendo chosapola. Ena magazi amangowachepera osadziwa kothera. Zoterezi nthawi zina zimabwera m'mimba musanayambe n'komwe. Diso likafiira n'kumapweteka pakuwala kapena kuona mwachimbuuzi, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Maso akachita chikasu kapena thupi kumangoyabwa, apime chiwindi, chifukwa pali ena ochepa amene njira za ndulu zimatupa limodzi.

Kumene ine ndimaumirira ndi apa. Kwathu kuno zotulutsa magazi m'chimbudzi zilipo zambiri, kamwazi wa amiba, wa mabakiteriya, likodzo la m'matumbo, TB ya m'matumbo, matenda ena obwera ndi HIV, ngakhale khansa pa msinkhu wa bambowa. Ndiye wachipatala akayamba ndi mankhwala a kamwazi sindimudzudzula, ndi amene amapezeka tsiku ndi tsiku. Koma munthu akamwa kawiri katatu magazi osaleka, asamangobwerezanso omwewo, pamafunika kusuzumiramo. Funsani adokotala ngati pounika paja anatapako kanyama kupita nako ku labu, komanso ngati chimbudzi, TB ndi HIV zinapimidwa. Si kuwakayikira ayi. Prednisolone amene amaziziritsa ulcerative colitis amafooketsa chitetezo, ukamupereka kwa munthu wa amiba kapena TB zinthu zimafika poipa.

Tsopano funso lalikulu lija. Mayi mtima pansi, anthu ambiri a matendawa amakhala moyo wautali pafupifupi ngati wina aliyense, amalima, amachita geni, amaona zidzukulu. Kungoti satheratu, amagona n'kudzukanso. Amene ali nawo kumusi kokha ndi amene zimawayenderako bwino, ngakhale mwa ena amakwera pakapita zaka. Mankhwala ake oyamba ndi mesalazine kapena sulfasalazine, ndipo kwa munthu ngati bambowa amene amagwira bwino ndi olowetsa kumbuyo aja, chifukwa amafika pachilonda penipeni. Ndikudziwa azibambo athu akamva zimenezo amakwinya nkhope, koma auzeni. Prednisolone ndi wozimitsira moto kwa masabata ochepa, si wa moyo wonse, amadya mafupa ndi kukweza shuga, komanso sasiyidwa mwadzidzidzi. Zikakanika pali azathioprine ndi majakisoni ngati infliximab, amenewo ndi odula. Ochepa amafika pa opaleshoni yochotsa thumbo lalikulu.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri n'chakuti magazi akangoleka amati ndachira, mapilitsi pansi, transipoti ya ku Lilongwe nayonso yakwera, kenako pakatha miyezi tabwerera pomwe paja. Mankhwalawa amamwedwa ngakhale munthu akupeza bwino. China, bondo likamapweteka asagule Brufen kapena diclofenac pa okala, amatha kudzutsa matendawa, Panado ndiye bola.

Za khansa, chiopsezo chimakwera makamaka kwa amene thumbo lalikulu lakhudzidwa mbali yaikulu kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake pakatha zaka 8 amaunikanso ndi kamera, kenako apo ndi apo. Kwa amene ali nawo kumusi kokha chiopsezocho sichisiyana kwenikweni ndi cha anthu ena onse.

Koma tsiku lina mukadzaona akupita kuchimbudzi ka 6 kapena kuposa pa tsiku ndi magazi, thupi latentha, mtima ukuthamanga, mimba yatupa n'kumapweteka, musadikire kuti kuche ndipo musawapatse loperamide woletsa kutsegula m'mimba uja, thumbo limatha kufufuma mpaka kubooka. Atengereni kuchipatala cha boma, buku lawo lakuchipatala ndi pepala la zotsatira za kamera ija zili m'manja.