Za funso lako la bajeti lija, msuweni

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, waswera? Uthenga wako pagulupa ndauona kale, kungoti ndinali kuchigayo, ndipo zimenezi kuti ndilembe zala zingatope, ndingolankhula. Wafunsa kuti, dikira ndiwerenge... "kodi aphungu akamakokanakokana chonchi, atati aikane bajeti chingachitike n'chiyani?" Iwe! Iweyo amene wailesi ikangoyamba za ku Nyumba ya Malamulo umapotokola kusaka mpira wa Bullets, lero ukufunsa za bajeti? Hehe. Ndinakudziwa uli ndi mamina iwe. Chilipo chikukudya, tifikako.

Yankho lenilenilo ndi lalifupi. Boma silingatape ndalama m'thumba lake popanda chilolezo cha aphungu. Bajeti ikachedwa, aphungu omwewo amatha kulola kuti boma liyambe latapako zoyendetsera zinthu mpaka miyezi 4, kuti aphunzitsi ndi anamwino asagone ndi njala. Basi. Ndipo zinachitikapo, mu 2007. Iwe unali sitandade... faifi? Ayi, sikisi, chaka chimene unathyoka mkono pa mtengo wa mango wa agogo chija.

Chaka chimenecho sindichiiwala chifukwa cha amalume aang'ono, abambo ako aang'onotu, a njinga ya Humber aja, mzimu wawo uuse mumtendere. Ukudziwa mmene ankakondera wailesi yawo ija, yomanga ndi mphira kumbuyo, mabatire akuyanikidwa padzuwa pamwamba pa nkhokwe. Nthawi imeneyo Bingu anali atachoka mu UDF, mu 2005 muja, n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri n'kumutsatira. Ndiye a Tembo a MCP pamodzi ndi a UDF anati ayi, Sipikala, a Chimango, ayambe wachotsa onse amene anasintha chipani, Sekishoni 65 patsogolo, bajeti pambuyo. Chaka cha boma chinkayamba pa 1 July nthawi imeneyo, osati April ngati panopa. July anatha, August anatha, nduna ya zachuma, a Goodall Gondwe, bajeti ili m'manja.

Amalume anali atagulitsa fodya ku Kanengo, mabelo 5... mayi amati 6, koma ine ndikukumbuka 5. Ndalama zinabwera zooneka. Azakhali anawauza, ine ndili pompo ndikutongola chimanga pamphasa, kuti bambo, tiyeni tigule matumba awiri okha a feteleza tisunge kuchipinda. Amalume anangokweza dzanja, khutu lili pa wailesi, akuti "tangokhala chete mayi, a Gondwe akulankhula, makuponi akubwera." Anali ndi chikhulupiriro munthu uja, eee. Mpaka anakwera lole ndi mafumu ndi anthu ena kupita ku Lilongwe kukaguba kuti bajeti idutse. Anavala jekete lawo la ukwati lija, kutentha konse kuja. Anabwerako mawu atasasa, nsapato imodzi itang'ambika, koma akunyadira kuti nawonso akalankhulako zadziko. Ndipo ine sindiwaseka pamenepo ayi, anachita chinthu chimene ambirife sitichita.

Bajeti inadutsadi, mu September. Tsiku limenelo anapha tambala. Koma ndalama za fodya zija zinali zitapita kale, kugula malata a nyumba ya kutsidya ija, ija imene inadzatikanganitsa, ukudziwa iwe, tisaiyambe pano pali apongozi pagulupa. Makuponi atafika m'mudzi anali ochepa, thumba limodzi kugawana mabanja awiri. Anagona pamzere kudepoti mausiku awiri atafunda chitenje cha azakhali. Pamene amadzathira wobereketsa, chimanga chinali chitafika m'chiuno, masamba achikasu ngati chadwala. Ndinapita nawo kumundako, ndinawaona akuyeza feteleza ndi kachitsekero ka botolo la Fanta, akuchepetsa pa phando lililonse kuti akwanire mizere yonse, osalankhula. Chaka chotsatira, February, ndi pamene ana awo anabwera kudzakhala kwathu. Zotsalazo ukuzidziwa.

Aaa, ndatalikira. Ndimati chiyani... eya.

Usandimve molakwa, sindikunena kuti za ku Nyumba ya Malamulo n'zopanda pake. Zimatikhudza mpaka m'mbale. Taona, kumapeto kwa 2007 komweko dziko linasiya ubale ndi Taiwan n'kupita ku China, ndipo nyumba imene aphungu akukanganiramo leroyo anamanga ndi a China, inatsegulidwa mu 2010. Mu 2011 boma linathamangitsa kazembe wa Britain, a Cochrane-Dyet, a Britain n'kuimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo chaka chimenecho ukukumbuka mizere ya mafuta ndi zigubu zija. Cashgate itaphulika mu 2013, mayiko otithandiza anatsekanso mpopi. Nanga za 2022 zija, ndalama za feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya boma ya AIP, K750 miliyoni, kuperekedwa ku kampani ya ku Britain yogulitsa nyama? Komiti ya aphungu yoona zaulimi inaikokera nkhaniyo poyera, nduna, a Lobin Lowe, n'kuchotsedwa. Ndiye akamafunsana mafunso kumeneko ine ndimamvetsera ndithu, ndipo ndimapsa mtima akamataya nthawi ndi kuzomana pomwe pali nkhani ngati zimenezi. Iwenso uzimvetsera, Bullets siithawa.

Koma chimene iwe ukufunsa si chimenecho. Ayi, usakane, mlamu wandinong'oneza dzana. Soya wako wachita bwino, ukuyembekeza kugulitsa mwezi wamawa, ndipo mtima wako uli pa malata. Ukufuna wina akuuze kuti bajeti idutsa, feteleza wotsika mtengo abwera, gula malata usadandaule. Ine sindikuuza zimenezo. Ukagulitsa soya, yamba wagula feteleza.

Tangoganiza, AIP inayamba mu 2020 thumba lili K4,495, pofika 2022 linali K15,000, ndipo mayina a olandira ankanka nachepa. Dzina lako likhoza kutuluka, likhoza osatuluka. Ngakhale lituluke, netiweki ikhoza kuvuta tsiku logula, mvula osakudikira. Komanso kwacha, November 2023 anaigwetsa ndi 44 peresenti usiku umodzi, amene anasunga ndalama m'thumba anadzuka thumba la feteleza litawathawa. Feteleza timaitanitsa kunja ndi madola, msuweni, sadikira kuti aphungu amalize kukambirana.

Ndiye ndikuti, ndalama ya soya ikangolowa, tsiku lomwelo, usadutse pa bawo, usadutse kwa anzako aja a pa sitolo, pita ukagule matumba, wokulitsa ndi wobereketsa. Uwaike pa matabwa kuti asanyowe, chipinda cha mkati, osati pakhonde. Wa boma akabwera, zikomo, udzawonjezera kudimba. Malata tidzaona limodzi ukakolola, ine ndidzaponyapo kangachepe, ndanena pagulu pano onse amva, achemwali ndinu mboni.

Denga lako likudontha, ndikudziwa, ndinagona m'nyumbamo pa maliro paja, tinkasuntha mphasa usiku wonse. Zimandiwawa. Koma ndinaona maso a amalume kumunda kuja, sindikufuna kudzawaonanso pa iwe. Feteleza kaye, wamva? Malata pambuyo.

Chabwino, batire yatsala pang'ono. Uwapatse moni mlamu, ndipo uuze mwana wako wamkuluyo kuti poto wanga wa pa chinkhoswe uja ndikumufunabe. Ukagula unditumizire chithunzi cha matumbawo pagulu pompano.