Funsani Malume: Amfumu akasaina, ndiye kuti nyumba yosanja yaloledwa?

FUNSO

Zikomo Malume. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje. Puloti ya kuseri kwa nyumba yanga inagulidwa ndi bambo wina wa m'tauni. Mwezi watha anaizinga ndi malata, kenaka kunabwera chimakina chokumba. Dzenje la maziko ndi lakuya moti mnyamata akatsikiramo saoneka mutu, ndipo kuchoka pa mpanda wanga kufika pa dzenjelo ndi mapazi asanu okha, ndinayeza ndekha. Aganyu akuti ikhala ya nsanjika zinayi: pansi masitolo, pamwamba zipinda za alendo ndi holo. Chikundisowetsa tulo ndi ngalande yomwe imatenga madzi ochokera kumtunda, aikwirira ndi dothi. Nditafunsa kapitawo anangoti, "Amayi, mapepala onse alipo, amfumu anasaina." Kodi amfumu akasaina ndiye kuti zatha?

Mayi wodandaula, Chitakale

YANKHO

Mayi, sizinathe ayi. Kapitawoyo wakusakanizirani zinthu ziwiri, mwina mosadziwa, mwina dala. Pepala losonyeza kuti malo ndi a uje ndi lina, chilolezo chomanga ndi chinanso. Amfumu angathe kuchitira umboni kuti puloti inali ya banja lakutilakuti ndipo malire ake ndi awa. Koma kunena kuti pamalopo paime nyumba yotalika bwanji, itaye madzi ake kuti, italikirane bwanji ndi mpanda wanu, imeneyo si ntchito ya chidindo cha amfumu. Ndi ya khonsolo, kudzera ku komiti yoona za mapulani.

Kale anthu ankati za mapulani ndi za ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ife kuno timangomanga. Maganizo amenewo anatsalira ku lamulo lakale la 1988. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linabweretsa dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani, ndiye Chitakale, Limbuli kapena Bvumbwe sali kunja.

Ine ndinadyera ntchito yojambula mapulani ndi kuwanyamula kupita nawo kumakhonsolo, choncho ndikuuzeni zomwe mwini nyumba yotere amayenera kutula patebulo. Amapereka umboni wa umwini wa malo, pulani ya nyumbayo, ndi pulani ina yoonetsa puloti yonse: pomwe nyumba ikhale, mpata wotsala mbali zonse, poimika galimoto, thanki ya zonyansa za m'chimbudzi, ndi njira ya madzi a mvula. Ikakhala yosanja pamafunikanso zojambula za injiniya, zoonetsa kukula kwa zitsulo ndi kuya kwa maziko molingana ndi dothi la pamalopo. Amalipira ndalama yoti mapulani aunikidwe. Kenaka mapepalawo amadutsa m'manja mwa a zaumoyo, a zomangamanga ndi a mapulani a malo, ndipo komiti imatha kuvomera, kuvomera ndi mfundo zoti zitsatidwe, kubweza kuti akakonze, kapena kukaniratu. Pulani yovomerezeka imakhala ndi chidindo cha khonsolo ndi deti. Kapitawo wadongosolo amakhala ndi kope yake mu kashedi kosungira simenti, imakhala yothimbirira ndi fumbi koma ilipo.

Palinso funso limene inu simunafunse koma ndi lalikulu: kodi dera lanulo linaikidwa kuti ndi la nyumba zogona anthu kapena la malonda? Ngati ndi la nyumba zogona, munthu sangangodzuka n'kuikapo holo ya maukwati ndi zimkuzamawu zake. Ayenera kupempha kaye kuti ntchito ya malowo isinthidwe, ndipo apa mpamene mawu a anthu oyandikana nawo amalemera. Chitukuko chikakhala chachikulu ndithu, bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, lomwe linabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, limatha kulamula kuti pachitike kafukufuku wa momwe ntchitoyo ikhudzire anthu ndi chilengedwe asanayambe.

Tsono za ngalandezo. Kwa ine iyi ndiye nkhani, kuposa kutalika kwa nyumbayo. Munthu wa ku Mulanje safunika kumuphunzitsa zomwe madzi otsika m'phiri amachita. Amene analipo mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy akudziwa. Madzi sauzidwa kuti puloti yagulidwa. Mukawatsekera njira amafuna ina, ndipo ina yake ndi khonde lanu. Onjezaninso chidenga chachikulu ndi bwalo lowaka simenti, madzi omwe ankalowa pansi onse adzathamangira kumunsi. Dzenje lakuya pafupi ndi mpanda nalonso likamwa mvula limagumuka m'mbali, n'kukoka maziko a mnzako.

Chitani izi sabata ino, konkire asanathire. Jambulani zithunzi pa foni: ngalande yokwiriridwayo, dzenje, ndi makoma a nyumba yanu momwe alili lero, kuti mng'alu ukadzabwera pasadzakhale wonena kuti unalipo kale. Lembani kalata kwa bwanamkubwa, yopita ku ofesi ya mapulani ndi chitukuko. Musalembe zoti bamboyo ndi wonyada kapena kuti sanakupatseni moni. Funsani zitatu zokha: kodi pulani ya pa puloti imeneyi inavomerezedwa, inavomerezedwa ya nsanjika zingati, ndipo madzi a m'ngalande anawapezera njira iti. Konzani makope awiri, imodzi akudindireni n'kubwerera nayo kunyumba. Dandaulo la pakamwa limathera pakhomo la ofesi, la pepala limalowa mufayilo. Aneba ena akasainira nawo ndi bwino kwambiri, ndipo khansala wa dera lanu mumupatse kope yake.

Khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito yopanda chilolezo, ngakhalenso kulamula kuti chomangidwa molakwika chigwetsedwe. Koma ndisakunamizeni, kuimitsa dzenje n'kosavuta kusiyana ndi kugwetsa nsanjika zinayi zomwe mwalowa kale anthu a lendi. Mudzayang'anenso ngakhale atakuonetsani chidindo. Ndinajambulirapo munthu wina pulani ya nsanjika ziwiri, inavomerezedwa bwinobwino; nditadutsako chaka chotsatira ndinawerenga mawindo mizere itatu, pa zipilala zomwe injiniya anawerengera ziwiri.

Mwinanso mukapeza kuti zonse zili m'malo mwake. Zikatero nyumbayo imangidwa, mthunzi wake muupirira, koma ngalande ndiye ayenera kuitsegula kapena kuiwakira njira ina.

FUNSO

Malume, ndili ku Joni ndipo ndikutumiza ndalama kwa mng'ono wanga kuti andimangire masitolo m'mbali mwa msewu waukulu ku Luchenza. Akuti pulani tidzapanga nyumba ikatha. Nditumizebe?

Mnyamata wa ku Thyolo, Johannesburg

YANKHO

Achimwene, gwirani kaye ndalamazo. Luchenza ili ndi khonsolo yakeyake, mng'ono wanu apite kumeneko ndi pulani njerwa isanaikidwe ndi imodzi yomwe. Chachiwiri, msewu wa M2 wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo mpaka ku Muloza uli ndi malo ake osungidwa, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Chomangidwa m'menemo a bungwe loona za misewu la Roads Authority amachilemba chizindikiro chofiira, ndipo tsiku logwetsa musadzayembekezere chipukuta misozi. Muuzeni atenge tepi akayeze, akutumizireni chithunzi pa WhatsApp ataima pomwe pathera mamita 30, kenaka chithunzi cha pulani yodindidwa. Za simenti mukambirane zikafika ziwirizo.