Tikiti ya pamsewu ku Joni: musaing'ambe, ndipo musakhulupirire munthu wa pageti la khoti

Mphwanga wa ku Luchenza, uja amachita kabaza wa njinga yamoto njira ya ku Chonde, wafunsa za matikiti chifukwa mwezi wamawa akukwera basi pa Wenela kukagwira ntchito yoperekera katundu ku Joni. Funsoli lafika sabata yomweyi tamva za mnyamata wa ku Thekerani amene anapatsa bambo wina wa pageti la khoti R1,500 kuti amufafanizire mlandu. Bamboyo sanaonekenso, ndipo apolisi anakamugwira mnyamatayo pa rodiboloko. Ndiyankha pano kuti nonse a ku Thyolo ndi Mulanje mumve.

Kwathu tinazolowera kuti nkhani ya pamsewu imatha tsiku lomwelo: walipira, watenga lisiti, wapita. Ku South Africa pepala la tikiti limakutsatirani mpaka kukhoti. Ndiye choyamba, werengani pamwamba pake muone mtundu wake.

Likalembedwa Section 56, ndi lija wapolisi amakupatsani pamanja n'kukusainitsani. Lili ndi masiku awiri: lomaliza kulipira chindapusa, ndi lokaonekera kukhoti. Kulipira ndi kuvomera mlandu, nkhani yatha. Mukapanda kulipira, tsiku lachiwirilo ndi lanu, simungalizembe. La Section 341 ndi la kamera kapena lija amapana pagalasi. Lilibe tsiku la khoti, limakupatsani masiku 30, kenako kumabwera samoni. Ku Johannesburg ndi ku Tshwane kuli dongosolo lina la matikiti lotchedwa AARTO lomwe lakhala likugwira kuyambira 2008: mukalipira pasanathe masiku 32 mumapereka theka, mukazengereza kumabwera kalata yokumbutsa ndi ndalama yowonjezera, kenako amatseka kuti musapange disiki ya galimoto kapena kukonzetsa laisensi.

Chachiwiri, adiresi. Anyamata ambiri amatchula adiresi yabodza poganiza kuti achenjera. Samoni ikapita kosadziwika, mlandu sufa. Ndipo pano ndikwiye pang'ono ndi eni njinga, ena mwa iwo a kwathu konkuno, amene amadula malipiro a mwana wa eni ake n'kumati "tikiti yabwera" osaonetsa pepala. Matikiti a kamera amapitadi kwa amene njingayo inalembetsedwa m'dzina lake, koma muuzeni akuonetseni tsiku, ola ndi nambala. Mwina tsikulo inayendetsedwa ndi wina.

Ngati ndalama zachepa kapena mukutsutsa tikiti yokhala ndi tsiku la khoti, musadikire tsikulo. Pitani kukhoti lomwe lalembedwa papepalapo, mufunse ofesi ya woimira boma pa milandu, amene kumeneko amati prosecutor. Mulembe kalata yaifupi, muike nambala ya tikiti, chifukwa chanu, ndi pepala loonetsa malipiro anu. Iyeyo ali ndi mphamvu yotsitsa chindapusa kapena kuchotsa mlandu, ndipo izi n'zaulere. Akatsitsa, alembe papepalapo ndi kudinda. Mawu apakamwa sawerengedwa pa kauntala yolipirira. Munthu woima panja, wa jekete ndi fayilo m'khwapa, amene akulonjera m'Chichewa n'kumati amadziwana ndi am'katimo, mphamvu imeneyi alibe.

Tsiku la mlandu fikani 8 koloko isanakwane ndi tikiti, pasipoti ndi laisensi. Fufuzani dzina lanu pa mndandanda, mudziwe chipinda, mukhale pabenchi. Mutha kukhala mpaka masana, koma musatuluke kukagula chakudya khoti lisanapume. Akaitana katatu m'khonde inu palibe, amalemba kuti simunabwere. Chotsani chipewa, zimitsani foni.

Apa ndi pomwe a kwathu amagwera kwambiri: chinenero. Majisitireti akamayankhula, womasulira wa Chizulu n'kumathamanga, mnyamata amangogwedeza mutu mwaulemu monga pa bwalo la amfumu, osadziwa kuti wavomera mlandu. Malamulo aakulu a dzikolo amapereka ufulu wozengedwa m'chinenero chomwe mukumva. Nenani poyera kuti mukufuna womasulira wa Chichewa. Mwina mlandu ausunthira tsiku lina kuti amupeze, mutaya tsiku lina la ntchito, koma kuli bwino kusiyana ndi kuvomera zosamva. Mukavomera mlandu, amakupatsani mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe: tchulani malipiro anu, lendi, ana amene mukuwatumizira ndalama kumudzi. Mukakana, amapereka tsiku lina loti wapolisi adzapereke umboni, inunso mudzamufunse mafunso.

Mukajomba, khoti limatulutsa walanti yokumangani, n'kuwonjezera chindapusa cha kunyoza khoti pamwamba pa choyambacho. Zikachitika musabisale. Pitani nokha kukhoti komweko ndi umboni, kaya kalata ya kuchipatala, mupemphe kuti walantiyo ichotsedwe. Pa rodiboloko, tikiti yosalipira payokha si chifukwa chomangira munthu. Muli ndi ufulu wopempha kuona walantiyo. Za "cool drink" musayambe, ziphuphu ndi mlandu woposa tikitiyo.

Pali milandu yopanda chindapusa cha pamsewu. Kupyola liwiro ndi makilomita oposa 30 pa ola m'tauni, kapena oposa 40 pa freeway, ndi kuyendetsa mowa utafika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, amakunyamulani, kukudindani zala, ndipo mukapezeka wolakwa dzina limatsala m'mabuku. Apa pemphani loya waulere wa Legal Aid South Africa. Kumbukiraninso kuti wapolisi akatsegula pasipoti amayang'ana chidindo cha pa Beitbridge. Masiku 30 amene amakupatsani polowa m'dzikolo akatha mulibe pepala lina, kankhani ka maloboti kakhoza kukufikitsani ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasunga alendo oti abwezedwe kwawo.

Iwe mphwanga, usanakwere basi upite ku Road Traffic ku Blantyre ukatenge laisensi ya njinga yamoto yeniyeni. Ya galimoto siyendetsera njinga, ndipo kumeneko A1 imathera pa 125cc, yoposa apo imafuna A. Ukalipira tikiti iliyonse, lisiti uijambule pa foni, uitumizenso kwa mayi ako pa WhatsApp, chifukwa mafoni kumeneko amabedwa ndipo kompyuta ya pa rodiboloko nthawi zina imaonetsabe ngongole yomwe unalipira kale.