Phiri lophukanso silidzala mitengo yonse kamodzi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake phiri lomwe mudzi wanu unasiya kudulamo mitengo langodzala mombo ndi naphini basi. Musade nkhawa. Miombo imabwerera kudzera m'zitsa ndi mizu yotsala m'nthaka, ndiye yophuka msanga ndiyo imayamba kuoneka. Mlombwa ngochedwa: kamtengo kake kamauma kumtunda chilimwe chilichonse kwa zaka zingapo, uku muzu ukukula pansi. Masuku ndi maula, nthangala zake zimabwera ndi anyani, mileme, ngakhale ana otola zipatso.

Adani anu ndi mbuzi ndi moto wa mu Okutobala. Kuti mupewe moto umenewu, tenthani udzu mu Meyi, ukadali ndi kauwisi.

Zodzalamo paini ine sindingavomere. Ku Chikangawa, paini akathithikana, pansi pake pamangokhala masamba ouma okhaokha.