Achimwene a ku M'baluku, osewera anuwo si amakani ayi

Achimwene, ndawerenga positi yanu yonse ya gemu yathu ija yosewera nkhani pa tebulo ndi madayisi. Mukuti munakopera ma PDF a malamulo oyeserera a Dungeons & Dragons, aja a One D&D, mwawabweretsa pa tebulo lanu nkhani ili mkati, ndiye anthu akukana, wosewera druid, kalasi ya character wosanduka nyama, mpaka wanena kuti Loweruka sabweranso, ndipo mukufunsa ngati vuto ndi makani a osewera kapena malamulowo. Ine ndikuona kuti anthu anuwo sakulakwitsa, ndipo zambiri zomwe akudandaulazo ndi zomwezo zimene osewera a maiko ena anadandaula mpaka kampani yopanga gemuyi inazichotsa.

Choyamba mudziwe chimene mwagwira m'manjamo. Kampaniyo, Wizards of the Coast, inayamba kutulutsa mapepala amenewo mu Ogasiti 2022, pang'onopang'ono pansi pa dzina la Unearthed Arcana, ndipo pepala lililonse likatuluka pankabwera fomu yoti anthu anene maganizo awo. Buku lenileni la osewera linadzatuluka mu Seputembala 2024, la DM, woyendetsa gemu, mu Novembala chaka chomwecho, la zilombo mu Febuluwale 2025. Ndiye ma PDF amene muli nawowo si malamulo omalizidwa, ndi mafunso amene olemba ankafunsa anthu, ndipo ena mwa mafunsowo anayankhidwa kale kuti ayi.

Tengani nkhani ya critical hit kapena kuti crit, kumenya kumene madayisi ovulaza amawirikiza, imene mwati yakwiyitsa mnyamata wa rogue. Mu pepala loyamba lija analemba kuti 20 ikagwa pa dayisi, ndi osewera okha amene amapanga crit, zilombo ayi, komanso chimene chimawirikiza ndi madayisi a chida basi, kutanthauza kuti spell ilibe crit ndipo madayisi a sneak attack, oonjezera amene rogue amapeza akamenya mozembera, sawirikiza. Tsopano ganizirani munthu amene gemu yake yonse ndi kubisala, kudikira, kuzembera kumbuyo kwa mdani, 20 ija imagwa kamodzi pa maulendo 20, ndiye tsiku limene yagwa mukumuuza kuti aonjezere kadayisi kamodzi ka mpeni basi? Mtima uwawa ndithu. Ma DM nawonso anadandaula kuti chilombo chosapanga crit sichiopsanso. Pepala lotsatira litatuluka lamuloli linali litabwerera kale ku la m'buku lakale la 2014. Chimodzimodzi lija loti 20 ndiye kuti wapambana pa chilichonse chimene wayesa, ngakhale kunyengerera mfumu kuti ikupatse ufumu wake, silinafike m'buku lomaliza.

Wa druid uja ndiye ndikumumvetsa kwambiri. Mu Febuluwale 2023 anayesa kusintha Wild Shape, mphamvu ya druid yosanduka nyama, kuti m'malo mosanduka nyama yeniyeni ya m'buku, uzingosankha chimodzi mwa zitatu, nyama ya pamtunda, ya m'madzi kapena ya m'mlengalenga, manambala ake amodzimodzi kaya ukuti ndiwe kambuku kaya mbuzi. Olembawo anali ndi chifukwa chomveka, amafuna kuti munthu asamatsegule buku la zilombo pakati pa nkhondo anzake akudikira, ndipo aliyense amene anakhalapo pa tebulo ndi druid akudziwa kuti zimachedwetsadi. Koma anthu anakana kwambiri, chifukwa kukoma kwa kalasi imeneyi ndi komweko, kuti lero ndiwe kangaude ukukwera khoma, mawa ndiwe ng'ona. Pa tebulo lathu kuno ku Mangochi boma tili ndi mtsikana amene amasewera druid, ndipo atafika levo 4 n'kuloledwa kusanduka ng'ona anaimirira pampando kumatisonyeza ndi manja mmene imagwirira n'kukokera pansi pa madzi, poti anakulira m'mbali mwa Shire amazidziwa ng'onazo kuposa amene analemba bukulo. Munthu ngati ameneyo ukamupatsa pepala lolembedwa kuti nyama ya m'madzi wamulanda chinthu chenicheni chimene amabwerera. M'buku la 2024 nyama zenizeni zinabwerera, kungoti druid amasankhiratu zochepa zimene akuzidziwa, pa levo 2 zimakhala 4, ndiye kuchedwa kuja kunachepa popanda kupha kalasiyo.

Warlock naye anamuyesa mu 2023, kumuchotsera Pact Magic, njira yakeyake ya matsenga, kuti ma spell ake aziyenda ngati a paladin kapena ranger, anthu anakana, anabwezeretsa. Ma list atatu a ma spell amene anayesanso, arcane, divine ndi primal, anawataya. Ardling, anthu a mitu ya nyama aja, sanafike m'buku.

Koma pano ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa sindikunena kuti chilichonse chimene osewera akana ndi choipa. Pali kukana kwa munthu amene wangowerenga, ndiye pali kukana kwa munthu amene wasewera, ndipo n'zosiyana kutali. Munthu akangoona kuti character wake amene wamulera miyezi yambiri wachotsedwa kanthu, amakuwa asanagubuduze ndi dayisi yomwe, ndi chibadwa, tonse timatero. Zina mwa zimene zinabwera ndi mapepala omwewo zinakhala ndipo n'zabwino. Weapon Mastery, ukatswiri wa zida, mwachitsanzo, poyamba fighter ankangoti ndamenya, ndamenyanso, pomwe wizard ali ndi masamba atatu a zosankha, pano chida chilichonse chili ndi kanthu kake, china chimagwetsa mdani pansi, china chimamukankha, china chimamuchedwetsa. Ine ndimaikonda ngakhale ndivomere kuti Topple, yogwetsa mdani ija, imadya nthawi, poti kumenya kulikonse DM akuyenera kugubuduzanso dayisi kuona ngati mdaniyo wagwa. Kusamutsa ma bonasi a mphamvu kuchoka ku mtundu wa character kupita ku background, mbiri ya moyo wake, nakonso kunakhala, ngakhale mpaka lero ena sakukondwa nako.

Ndipo si D&D yokha. Kampani ina, Paizo, inatulutsa playtest, malamulo oyeserera, a edishoni yachiwiri ya gemu yake ya Pathfinder mu 2018, munali chinthu chotchedwa Resonance chimene chinkaika malire pa kugwiritsa ntchito zinthu za matsenga ngakhale kumwa potion, anthu anadana nacho, pofika 2019 gemu ikutuluka chinali chitachotsedwa, koma dongosolo la ma action atatu pa turn anthu analikonda ndipo ndi limene lanyamula gemuyo mpaka pano. D&D ya 2014 yomwe anthu anu akuikakamirayo inadutsanso mu playtest yake kuyambira 2012, pansi pa dzina la D&D Next, ndipo nthawi imeneyo kunalinso okonda edishoni ya 2008 amene ankaona ngati akulandidwa gemu yawo.

Chimene chavuta kwa inu ndi nthawi imene malamulowo alowera, osati kuti mwayesa zatsopano. Zili ngati bawo, anthu awiri akhoza kugwirizana asanayambe kuti lero tisewera motere ndipo palibe amene angadandaule, koma mnzako atasonkhanitsa kale nkhomo zake iwe n'kunena kuti kuyambira pano kutakata kwasintha, bawolo lithera pomwepo. Osewera anu anapanga ma character awo pokhulupirira malamulo a 2014, anasankha zonse motengera pamenepo, ndiye kusintha nkhani ili pakati akumva ngati chilango pa mlandu umene sanapalamule.

Ndikanakhala ine ndikanabweza nkhani yaikuluyo ku malamulo akale kaye, ndi kumuimbira wa druid uja foni, osati kulemba pa gulu la WhatsApp ayi, kumuimbira. Kenako mukonze tsiku lapadera, nkhani yaifupi yothera tsiku lomwelo, ma character atsopano a levo 3 kapena 5 amene palibe amene akuwakonda kwambiri, ndiye muyesere pamenepo. Ndipo musayese zonse nthawi imodzi, sankhani chimodzi kapena ziwiri, chifukwa mukasintha zinthu khumi gemu n'kusakoma simudziwa kuti chaipitsa ndi chiti. Komanso poti malamulo omalizidwa alipo kale, bwanji osayesa amenewo m'malo mwa ma PDF akalewo? Malamulo oyambira a 2024 amawerengeka mwaulere pa D&D Beyond, webusaiti ya kampaniyo, ndipo SRD 5.2, PDF ya malamulo oyambira, inatuluka mu 2025 pansi pa Creative Commons, chilolezo choti aliyense akhoza kuigawira anzake, mmodzi akhoza kukopera pamene ali ndi bandulo n'kugawira anzake pa Bluetooth, masamba ofunikira okha ndi amene mungaprintitse. Mabuku enieniwo kuwaitanitsa mpaka kufika ku Mangochi kuno ndi ndalama zambiri, ndiye musagule kanthu musanaone kuti tebulo lanu likuwafuna.

Pomaliza gemu yoyesererayo musafunse kuti mwaikonda? Funso limenelo amayankha ndi amene ali ndi mawu akulu, ena onse amangogwedeza mutu. Funsani aliyense payekha kuti ndi pati pamene unasangalala, ndi pati pamene unaboweka, ndi pati pamene sunamvetse chimene chikuchitika. Ndipo inu muziyang'ana gemu ili mkati, ndani watenga foni kuyamba kuona ma status, ndani wasendera kutsogolo, nkhondo imodzi yatenga nthawi yaitali bwanji. Olemba a D&D nawonso anali ndi muyeso wawo, Jeremy Crawford, amene ankatsogolera olemba malamulowo, ankafotokoza m'mavidiyo kuti chinthu chimayenera kukondedwa ndi anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse kuti aone kuti chikuyenda bwino, chikatsika kwambiri amachikonzanso kapena kuchitaya. Inu muli ndi anthu asanu, simukufunika maperesenti, koma ngati mmodzi lamulo lamuphera kalasi yake yonse ameneyo mawu ake alemere kuposa a anayi amene silikuwakhudza.

Pali chinanso chimene chimandikhudza ine pa nkhani ya ma playtest amenewa. Mafomu aja anali a Chingerezi, a pa intaneti, aatali, ndiye amene ankayankha ndi anthu a netiweki yabwino ndi nthawi yokwanira, ambiri mwa iwo odziwa malamulo pamtima. Tebulo ngati lathu, pomwe DM amawerenga Chingerezi n'kumafotokozera anzake m'Chichewa, pena m'Chiyao, dayisi ya mbali 20 ili imodzi tikupatsirana, magetsi akathima tikupitiriza ndi tochi ya foni thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kunoku, zosowa zathu n'zina. Kwa ife lamulo labwino ndi limene ungalifotokoze m'mawu ochepa kwa munthu amene sanaonepo bukulo, iye n'kulikumbukira sabata yamawa. Ndiye ngakhale chinthu chinapambana pa kafukufuku wa kampaniyo, ngati pa tebulo lanu chikuchititsa kuti mng'ono wanu amene wangoyamba kumene azingokhala chete kudikira kuti wina amuuze chochita, muli ndi ufulu wonse wochisiya. Mukhozanso kusakaniza, kutenga Weapon Mastery n'kusiya zina zonse mmene zinalili, ife ndi zimene tinachita ndipo zikuyenda, bola muzilembe pa pepala limodzi aliyense aone musanayambe.

Mukakonza tsiku loyesereralo lembani pa gulu pano, ine ndikhoza kukwera kabaza n'kuoloka mlatho kudzakhala nanu, ndibwera ndi madayisi anga kuti musamadikirane, ndipo ndikufuna ndidzasewere fighter kuti anthu anu adzaone okha mmene Topple imayendera asanaiweruze.