Ma dime a m'kachitini: ndi chuma kapena masenti chabe?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimakhala kuno ku America, nde apongozi anga atamwalira tinapeza kachitini kodzadza ndi ma dime, ena olembedwa 1943, ena 1964, ena a m'ma 1970 momwemo. Mnzanga akuti ndi siliva weniweni ndisayerekeze kugulira zinthu, ine ndikungoona masenti 10 basi. Zoona zake ndi ziti?

YANKHO: Pepani ndi malirowo achemwali. Mnzanuyo sananame, kungoti si onse ayi. Mu shopu dime ndi dime, masenti 10, khumi akwana dola imodzi, wogulitsa sangakufunseni kuti ndi ya liti.

Nkhani yagona pa chaka. Dime ya 1964 kubwerera m'mbuyo ndi siliva 90 pa 100, kotsalako ndi kopa, imalemera magalamu 2.5 nde siliva yekhayo ndi magalamu 2.25, mukasonkhanitsa 14 mwapeza aunsi imodzi ya siliva, ndipo mtengo wa siliva umakwera nkutsika inde koma dime yotereyi imaposa masenti 10 kutalitali. Mu 1965 siliva atadula boma linamuchotsamo, kuyambira pamenepo ndi kopa wokutidwa ndi chitsulo chosakaniza kopa ndi nickel, nde a m'ma 1970 aja kagulireni zinthu basi. Mukakayika yang'anani m'mphepete, mukaona kamzere kofiirira mulibe siliva.

Tsono ya 1943 ija, imene ili ndi mutu wovala chipewa cha mapiko, amaitcha Mercury, inapangidwa kuyambira 1916 mpaka 1945, nkhope ya Roosevelt, pulezidenti wakale wa America, isanaikidwepo mu 1946. Zambiri sizipitirira kwenikweni mtengo wa siliva wake chifukwa anapanga zochuluka zedi. Koma fufuzani bwino chitinicho, mukapeza ya 1916 yokhala ndi ka D kumbuyo kwake, yopangidwa mu mzinda wa Denver imeneyo, anangopanga 264,000 zokha ndipo otolera makobidi amaigula madola mahandiredi ngakhale itakhala yoperepeseka. Zabodza zake ziliponso zambiri, ena amachita kumatapo ka D, nde iyenera kuyesedwa ndi akatswiri kaye. Palinso ya 1894 ya ku San Francisco yomwe anapanga 24 zokha ndipo inagulidwapo madola oposa miliyoni imodzi, koma iyo musaike mtima kkkk.

Chonde musazikweche kuti ziwale, otolera amafuna khobidi mmene lilili ndipo mukalitsuka mtengo umagwa pompo. Zipatuleni potengera zaka, muone mtengo wa siliva wa tsikulo pa intaneti musanapite kwa wogula.