Foni ikundimana tulo chifukwa cha nkhani zoopsa

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndipo ndimagulitsa kaunjika. Chichitikireni ngozi ya ndege imene inapha a Saulos Chilima ku Chikangawa pa 10 June 2024, sinditha kugona ndisanaone pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kuti kwagwanji. Ndimawerenga za ngozi zapamsewu, za umbanda ndi za kukwera mitengo kwa zinthu, mpaka tambala woyamba kulira foni ili m'manja. Mtima umandithamanga, masana ndimangokalipira ana, ndipo ndalama ya ndiwo ikuthera kubandulo. Ndikati ndisiye, ndimaopa kuti uthenga wa maliro a wachibale ungandipite. Kodi ndayamba kudwala? — Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha mavuto amenewa, ndipo mwachita bwino kulemba. Simunapenge ayi, koma chizolowezi chimenechi chayamba kukudyerani thanzi. Vutoli linakula kwambiri m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, moti Azungu anafalitsa dzina lake loti doomscrolling.

Ubongo wa munthu umatchera khutu ku zoopsa kuposa zabwino, ndipo zimenezi n'zimene zimatipulumutsa. Mukaona njoka m'munda, thupi limatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mofulumira, tulo timabalalika, kuti muthawe kapena muiphe. Njokayo ikachoka, thupi limakhazikika. Koma mukaona kanema wa minibasi itagubuduzika pamsewu wa M1, thupi limadzidzimuka chimodzimodzi pamene inu muli gone pabedi, simungathawe ndipo simungathandize aliyense. Mantha amenewo amasowa kotulukira, choncho mumafunafuna nkhani ina poganiza kuti mukadziwa zonse mtima ukhala pansi, koma nkhani yotsatirayo imangowonjezera nkhuni pamoto.

Kale nkhani za pawayilesi zinkatha pakapita mphindi zowerengeka, ndipo nyuzipepa ili ndi tsamba lomaliza. Facebook ndi TikTok anazikonza kuti zisamathe, komanso zimaona chimene mwachedwapo n'kukubweretserani zofanana nacho. Amene wachedwa pa chithunzi cha ngozi usiku uno, mawa amapatsidwa ngozi zinanso, mpaka amayamba kuona ngati m'dziko muno mulibenso chabwino. Kuipa kwake kunaonekera bwino mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga ku Boston, ku America, mu April 2013. Ofufuza a ku University of California, Irvine anapeza kuti anthu amene ankatsatira nkhaniyo kwa maola 6 kapena kuposerapo patsiku anali ndi nkhawa yaikulu kuposa anthu amene analipo pamalo a zoopsazo.

Mawu anu okhudza uthenga wa maliro andigwira mtima, chifukwa ndikuona kuti chingwe chimene chakumangani chili pamenepo. Kwathu kuno kusowa pamaliro a mnansi n'chinthu chochititsa manyazi, ndipo masiku ano uthengawo umafika pa WhatsApp. Komabe wachibale weniweni akamwalira, abale anu sangangolemba pagulu n'kukhala chete. Adzakuimbirani ngakhale pakati pa usiku. Auzeni achemwali anu ndi anzanu akumpingo kuti nkhani yofulumira aziimba, kenako muzizimitsa data ikakwana 8 koloko madzulo, foniyo n'kuisiya patebulo kutali ndi bedi. Ikalira mudzaimva. Ndinenepo pano kuti anthu amene amatumiza zithunzi za mitembo m'magulu, nthawi zina achibale a malemuwo asanauzidwe n'komwe, akuphwanya ulemu umene makolo athu ankapereka kwa omwalira. Gulu lotere tulukanimo osapepesa, kapena litsekeni pakamwa kuti lisamalire.

Sindikukuuzani kuti muleke kudziwa zochitika. Munthu wa bizinesi ngati inu ayenera kumva ndalama ya kwacha ikagwa, monga inachitira mu November 2023 pamene inatsika ndi 44 peresenti, chifukwa mtengo wa belo umatsatira pomwepo. Chenjezo la namondwe kapena la kolera limapulumutsa moyo. Sankhani nthawi imodzi kapena ziwiri patsiku, makamaka masana, mumvere nkhani pawayilesi kapena muwerenge nyuzipepa yodalirika, ndipo pa nkhani iliyonse muzidzifunsa ngati pali chimene mungachitepo. Ngati palibe, ipitirireni. Masiku oyambirira manja adzakuyabwani kufuna foni, choncho konzeranitu chochita pa nthawi imeneyo, kaya kucheza ndi ana za kusukulu, kaya kuwerengera ndalama za tsikulo.

Mukayesa zimenezi kwa masabata awiri kapena atatu koma tulo osabwera, mtima n'kumathamangabe, kapena mwayamba kusafuna kudya ndi kucheza ndi anthu, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndipo mukawafotokozere zonse monga mwandilembera ine. Mu Lilongwe muno chithandizo cha matenda a maganizo chimapezeka ku chipatala cha Bwaila komanso ku St John of God ku Area 43. Maganizo ofuna kudzivulaza akakufikirani, musadikire masabatawo: uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite naye tsiku lomwelo.